Pakati pa Nyundo ndi Moto

Pa doko la Gdańsk, usiku wa Januwale,
Dobrawa Kulesza akuyang'anitsitsa fomu
yomwe yatsala kabokosi kamodzi kosalembedwa:
valavu yangozi itseke m'masekondi angati?
Kabokosi kochepa ngati chikhadabo.
Khofi wazizira kawiri.

Kunja, paipi yonenepa kuposa chiuno cha munthu
ikuchokera pomwe sitima zimatsitsira dizilo,
makilomita anayi, kudzera pansi pa njanji,
mpaka ku mathanki oyera mbee.
M'kati mwake mafuta akukankhana
ngati khamu lotuluka m'bwalo la mpira,
wam'mbuyo osadziwa chimene wam'tsogolo waona.

M'mawa muja a Lechowicz, mkulu wa ozimitsa moto,
anagogoda tebulo ndi chala:
"Asanu basi. Paipi ikang'ambika,
sekondi iliyonse ndi migolo iwiri pansi.
Ine ndinaonapo dziwe la moto likuyenda lokha
kufunafuna munthu.
Zengerezu adalinda kwawukwawu, mayi."

Zenon Pietrucha, wa masipanala,
amene kwatsala miyezi inayi kuti apume pantchito,
sanayankhe. Anangomukodola,
napita naye kuseri kwa thanki yachitatu
komwe chitsulo chochirikiza paipi
chidapindika ngati supuni.
"Izi zidachitika ndevu zisanamere.
Valavu idatseka kamodzin'kamodzi, mba!
Mafuta am'tsogolo adaima, am'mbuyo osamva,
ndipo m'paipimu mudalira nyundo yopanda mwini.
Ndidaimva m'mano.
Mabawuti khumi ndi awiri adaduka ngati choko.
Moto panalibe tsiku limenelo.
Chidafuna kutipha ndi chitseko chomwe chija
tinkati chidzatipulumutsa."

Ndiye usiku uno, pensulo m'kamwa, akuwerengetsa.
Uthenga woti imani umathamanga m'mafuta,
kupita ku sitima n'kubwerera:
masekondi asanu ndi awiri.
Ukatseka uthengawo usanabwere, nyundo.
Ukachedwa, migolo, migolo, migolo.
Walemba 10, wafufuta.
Walemba 30, ndipo waona nkhope ya a Lechowicz,
chipsera chawo chochokera pakhutu kukalowa m'kolala.
Wafufutanso. Pepala layamba kuonekera.

Foni yalira. Mwamuna wake, monong'ona:
Mieszko wagona tsopano, chifuwa chachepako,
ukafika usamenyetse chitseko.

Wakhala duu, foni ili m'manja.
Chitseko cha kuchipinda kwa mwana amachidziwa:
umachikoka mwachangu kuti kuwala kusamudzutse,
koma pakatsala mpata wa zala ziwiri
dzanja limadekha lokha,
limanyengerera loko mpaka alowe osalira.
Valavu nayo ndi chimodzimodzi.
Ikayamba kutseka mafuta sazindikira n'komwe,
amapeza podzera.
Ndewu yonse ili pa kampata komaliza.

Kabokosi kachepa. Walemba mpaka m'mphepete mwa fomu:
magawo atatu oyamba, masekondi anayi;
gawo lotsala, khumi ndi anayi.

Lachinayi, chipale chofewa chikugwa cham'mbali,
ayesa.
Batani lofiira. Mpweya, psii!
Zenon wavula golovesi, wagwira paipi ndi dzanja lamanja
ngati wogwira pamimba pa hatchi yodwala.
Singano ya geji yakwera,
yakwera,
yanjenjemera pafupi ndi mzere wofiira,
yaima. Yatsika pang'onopang'ono.
Paipi yangobuula kamodzi, n'kukhala zii.

A Lechowicz adina wotchi yawo.
"Khumi ndi asanu ndi atatu," atero,
milomo ikuwerengabe migolo.
Sanamwetulire. Sanakanenso.
Zenon wavala golovesi, wapita kukafuna tiyi.

Dobrawa wasaina, zala zitauma ndi chisanu.
Nambalayo ikhala m'chitsulo, osayankhula,
mwina zaka makumi awiri,
kudikira usiku wa munthu wina
amene lero akuphunzira kumanga zingwe za nsapato,
amene adzamenye batani uku akuthawa,
osadziwa dzina la mayi amene adamuwerengera masekondi
n'kufufuta katatu.