Wachiwaya wa pa Lizulu

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinaima pa chiwaya
pano pa Lizulu, pomwe msewu umagawa mayiko,
utsi wanga n'kumawolokera ku Mozambiki wopanda chiphaso.
Nthuli yoyamba inali yanga, yolawira mchere,
yachiwiri yolawira tsabola,
yachitatu sindinkaifunira chifukwa.

Mimba inkatsogola, ine pambuyo.
Anthu ankati, a Gwaza zikuyenda!
Ine n'kumaseka, uku ndikuboola lamba ndi msomali wamoto
kuti andifike.

Tsiku lina la msika, chifunga cha Juni chisanayalule mphasa,
msewu unapendekeka,
matumba a kachewere anayamba kuvina,
ndipo ndinadzidzimukira pa benchi ku chipatala cha Ntcheu,
nsapato imodzi palibe.

Namwino anandimanga pamkono, napopa,
nayang'ana, napopanso.
Anati, bambo, magazi anu akutsika Khwekhwelere
ngati lole yoduka mabuleki,
shuga nayenso ali pakhomo, akuti odi.
Mankhwala ndikupatsani,
koma ena ali kumunda kwanu.

Nangozo sanayankhule zambiri.
Anangotenga chimanga kupita nacho kuchigayo chosakonola,
nabwera ndi mgaiwa,
ufa umene ndinalumbira ndili mwana chaka cha njala
kuti sudzalowanso m'nyumba mwanga.
Nyemba, zimene ndinkazitcha ndiwo za mwezi ukaima mutu.
Bonongwe, amene khasu langa linkamudula ngati mdani.
Chisoso chowawa ngati ngongole.
Mchere wotsina ndi zala ziwiri,
mafuta ongonunkhiza.

Sabata yoyamba ndinakalipira aliyense,
ngakhale galu, ngakhale chitseko.
Usiku ndinkalota nthiti za mbuzi zikundiitana dzina laubwana.
Pa chinkhoswe cha mphwanga ku Mlangeni ndinagwa,
ndisaname,
mbale ziwiri za nkhumba kuseri kwa khola,
ndipo mutu unandiimbira ng'oma mpaka tambala wachitatu.
Nangozo anamva fungo pa malaya.
Anangondiikira madzi akumwa pafupi ndi mphasa.

Kenaka lilime linayamba kuphunzira ngati mwana wa sitandade wani.
Linadziwa kuti nkhwani wotendera ali ndi mafuta akeake,
kuti khobwe amakoma mosiyana ndi nandolo,
kuti mbatata yootcha sifuna shuga wa m'sitolo,
kuti pichesi la ku Dedza ukalidya pang'onopang'ono
limakuuza za mphepo ya kuphiri.

Chimene chimandichititsa manyazi ndi ichi:
zaka zonsezo ndinaima chofulatira.
Kumbuyo kwanga kunali milu ya kabichi, tomato, karoti,
nsawawa m'mabeseni, anyezi omangidwa m'khosi,
malole a ku Blantyre akupakira usiku ndi usana
moyo umene ine ndinkaudutsa
popita kukagula mbuzi.

Chiwaya ndinamusiyira Zuze.
Tsopano ndimaotcha chimanga ndi mbatata pafupi ndi depoti,
phindu n'lochepa, sindibisa.
Anzanga amati, a Gwaza asanduka mbuzi, akudya masamba.
Ndimawayankha kuti mbuzi zonse ndinazinga zija
zinkakwera phiri osachita wefuwefu.

Dzulo ndayenda wapansi mpaka kudimba,
ndabwerako ndi mtolo wa mpiru paphewa
osakhala pansi ngakhale kamodzi.
Namwino uja anapopa, nayang'ana, sanapopenso.
Mapiritsi ndikumwabe, koma anachotsapo limodzi.

Lamba akubwerera m'mabowo ake akale,
limodzilimodzi, ngati munthu wobwera ku Joni
amene akukumbukira njira ya kwawo.

Utsi wa Zuze umandipezabe mphepo ikatembenuka.
Malovu amadzadza, sindikana.
Ndimatulutsa mpeni wanga wakale uja,
wa chigwiriro chakuda ndi mafuta,
n'kung'amba peyala pakati.