Mtanda wa pa Nsanjika ya 41

Ndimakwera kusanache,
mzinda wa Mexico ukadafunda utsi wake.
Masitepe mazana atatu kudza asanu ndi anayi,
ndinawawerenga chaka chatha bondo litayamba kudandaula.
M'kachipinda ka kireni mumakhala ine, botolo la khofi,
ndi mawu a Casimiro pa wailesi:
tsitsa, tsitsa, ima.

Pano panali nyanja kalekale.
Anthu anaiwala, dothi silinaiwale.
Miyezi khumi ndi inayi tinkangopita pansi,
kuboola matope akuda onunkha ngalande,
kufunafuna poti mizati ipondepo.
Odutsa mumsewu wa Reforma ankasuzumira pamalata
n'kumafunsana ngati tikukumba dziwe.

Injiniya Otilia Zepeda anabwera nayo nyumbayi m'manja,
kanyumba ka makatoni, msinkhu wa mwana wa zaka zinayi.
Anakaika patebulo, n'kugunda tebulolo ndi bondo.
Kanaweramira uku, kanaweramira uko, kanaimanso.
"Sindikufuna nyumba youma khosi," anatero.
"Youma khosi imathyoka. Iyi izivina pang'ono."
Ife tinaseka. Iye ayi.
Ndinadzamva pambuyo pake kuti mayi ake aang'ono
anatsalira pansi pa chipupa pa chivomezi china chakale,
makina osokera ali pamiyendo.

Titatuluka m'dzenje, ntchito inathamanga.
Nsanjika imodzi masiku asanu ndi limodzi.
Zitsulo, matabwa, konkire wokwera m'paipi usiku,
magalasi ofika atakulungidwa ngati odwala.
Ndimanyamula limodzi pachingwe, mphepo n'kumalifuna,
ndipo kwa kanthawi mtambo umayenda mkati mwake
lisanasanduke khoma.

Lachiwiri lina masana
zokuzira mawu za m'misewu zinalira.
Amati chenjezo limakupatsa masekondi angapo.
Kwa ine masekondiwo sakwana masitepe makumi awiri.
Ndinakhala pomwepo, manja pachitsulo.
Kireni inadzandira, khofi anatayikira m'nsapato,
chinyumba chinabuula m'mfundo zake zonse,
zitsulo zopingasa zija zikumeza mkwiyo wa pansi.
Chinavina.
Chinaima.
Wailesi zii.
Kenaka Casimiro, mawu atauma: "Fidencio, ulipo?"
"Nanga ndipita kuti?"
Pansi anthu anali mbalambanda m'misewu,
koma kachipewa kamodzi koyera kanaima pokha
kakuyang'ana m'mwamba, osasuntha,
mpaka fumbi linakhazikika.

Pa 3 Meyi, tsiku la amisiri omanga,
tinakhoma mtanda wa matabwa otsala pa nsanjika ya 41.
Mkazi wa Macario anatumiza maluwa a mapepala,
abwana anagula nkhumba yonse ndi matotiya,
makombola akuphulika m'munsi mwathu, osati m'mwamba.
Otilia anadya choimirira pakati pathu,
mafuta akudonthera papulani.
Sanapukute.
Casimiro anatenga choko n'kulemba mayina athu pamzati,
la Evaristo lomwe, amene dzanja lake linatsalira pa nsanjika ya 12
ndipo tsopano akugulitsa madzi a malalanje ku Iztapalapa.
Mawa lake opaka pulasitala anafika.

Chaka chamawa muzilowa anthu a mataye,
akadi kolendewera pakhosi,
chikepe chikuwakweza osatuluka thukuta.
Kireni yanga adzaimasula chidutswachidutswa
n'kuitengera kudzenje lina, kumatope ena.
Ndikadzafika pakhomo, mlonda adzafunsa amene ndabwera kudzaona.
Sindikudziwa kuti ndidzati ndani.

Mwana wanga Yolotzin akuphunzira zowerengera ndalama.
Akuti tsiku lina adzagwira ntchito momwemu.
Ndamuuza kuti akadzamulemba
adzapemphe desiki ya chakum'mawa.
Mvula ikatsuka mlengalenga usiku,
mapiri awiri aja amatulukira m'mamawa,
lina likufuka.
Ndamuuzanso kuti pansi pakadzagwedezeka
asadzathamangire masitepe.
Adzagwire desiki, adzawerenge mpaka makumi atatu.