Makina Onyenya Mapepala

Mnyamata wa m'sitolo ya ku Rua do Almada, wa ndolo kukhutu,
anandionetsa mitundu iwiri.
Awa, mayi, amang'amba timizere tatitali,
munthu wopirira atha kulumikiza n'kuwerenga.
Awa amanyenya ngati mpunga, wakuba amangogwira pakamwa.
Nanga phokoso? ndinafunsa,
poti pansi panga pali a Belmiro, amagona masana,
usiku ali kudoko.
Ndinatenga a mpungawo, mayuro makumi asanu,
n'kukwera nawo mpaka nsanjika yachitatu, ndikupumira m'njira.

Anselmo sankataya pepala.
Zaka makumi atatu m'makatoni a nsapato:
malisiti a magetsi, makalata a kubanki,
inshuwalansi ya galimoto imene tinagulitsa kalekale,
zotsatira za kuchipatala, zija za miyezi yomaliza.

Mapepala asanu ndi limodzi pa nthawi, likutero buku.
Ine ndinaika khumi.
Makina anatsamwa, kanyali kofiira kali psuu,
ndinadina batani lobweza,
pepala linatuluka lolumidwa, theka la dzina lake litatsala m'mimba.

Ndaphunzira tsopano.
Chotsa timawaya kaye. Zula pulagi usanapise chala.
Mpango wa m'khosi uvule.
Akatentha amangoti zii,
ndiye umadikira theka la ola, khofi m'manja,
ukuyang'ana zovala za eni pa zingwe
ndi mbalame za kunyanja zikukangana padenga.

Kudikirako ndiye koopsa,
ndi pamene umayamba kuwerenga.
Kuseri kwa lisiti la madzi la Malichi 1998,
zilembo zake zopendekeka zija:
Graciete ali ndi chimfine, gula malalanje, usaiwale.

Makina anali atazizira, kukamwa yasa.
Kutsogolo kwa lisitilo kuli nambala ya akaunti,
dzina lonse, keyala yathu.
Ndinaima nalo mpaka khofi anazizira nayenso.
Kenako ndinatenga sizasi, ndinadula nambala yokha
n'kuwapatsa.
Anameza osatafuna n'komwe.

Matumba atatu a zinyenyeswa
ndinapatsa Telmo wa pansanjika yoyamba, ayalire mbira yake.
Akuti imagona tulo tabwino pa ngongole zathu.
Dzulo a Belmiro anandipeza pa masitepe:
kodi mwagula njuchi, mayi?
Ndinati zatsala katoni ziwiri, mupirire.

Malalanje aja ali pa chitseko cha firiji,
ndawapanikiza ndi kamaginito kooneka ngati nsomba.
Chimfine chinatha.
Sindikumbuka ngati anagula.