Buku Lopanda Chikuto

Ndinaligula Lachiwiri pamsika wa Mangochi,
pansi pa mulu wa mabuku a fomu 2 ovumbwa ndi mvula,
mtengo wake wa zitumbuwa zitatu.
Chikuto palibe. Dzina la mlembi chiswe chinadya,
chinangosiya chaka chosindikizira,
chaka chimene bambo anga anali asanavalepo nsapato.

Tinkhani khumi ndi tiwiri, tatifupitifupi,
kamodzi kokwanira nthawi imene magetsi athima,
chitsulo changa chowotcherera mafoni chikamazizira
ine n'kukhala manja lende m'kashopu.

Mkulu ameneyu, kaya ali kumanda ati,
ntchito yake inali kulota mawa,
ndipo mawa lakelo ndi dzana langa.
Akuti pofika chaka cha 2000
anthu adzakhala akupalira mbatata kumwezi.
Koma woyendetsa chombo chake, akafuna kupatsa moni mkazi,
akuima pamzere, kandalama kachitsulo m'manja,
kudikira lamya ya chingwe!
Ndinaseka mpaka Twaibu wa kabaza anasuzumira:
"Ajasi, zakugwira?"
Ndinamulozera mafoni akufa ali mbwee pathebulo,
iliyonse yanzeru kuposa chombo chonsecho.

Nkhani yachisanu ndi chiwiri sindinaseke.
Munthu ananyamuka kupita kunyenyezi,
anauza mwana wake kuti zaka ziwiri zokha.
Iye anawerengadi ziwiri, wotchi yake sinaname,
koma pobwera anapeza mwana uja ali ndi imvi,
akumufunsa kuti mukufuna ndani, achimwene.
Mlembi akuti ndi liwiro limachita zimenezo,
wataya masamba awiri kulongosola masamu.
Ine masamuwo sindinawafune.
Dinala, mkulu wanga, anakwera basi ya ku Joni
atanena kuti zaka ziwiri zokha.
Chino n'chaka chakhumi ndi chimodzi.
Akaimba amafunsa za mbuzi imene tinadya kalekale,
amafunsa ngati Mwanaisha wayamba kuyenda,
pamene Mwanaisha akulemba mayeso a sitandade 8.

Munthu wosadziwa kumene Shire amatulukira,
wosamvapo fungo la usipa wowuma,
m'buku lake lonse mulibe nkhope ngati yanga
ngakhale yosesa m'chombo,
anamudziwa bwanji Dinala?

Nkhani yomaliza ndiyo yandisowetsa tulo.
Dzuwa likuzima, anthu atsala asanu ndi anayi,
mtsikana wina wapeza chitseko pansi pa madzi oundana,
wagwira chogwirira, wakankha, ndipo

tsamba palibe.

Ndinabwerera kwa Che Mbwana wogulitsa mabuku.
Anakanda ndevu, nati masamba othothoka
amagulitsa pa kilo kwa amayi a mandasi.
Ndinayenda mpaka pamlatho, dzuwa lili paliwombo.
Asiyatu anapukuta manja pachitenje, nandiyang'ana
ngati ndamufunsa mtengo wa mphepo.
"Pepala la Chizungu, lachikasu? Linapita dzulo.
Bambo wina wa ku Namwera anagula anayi."

Choncho mathero a dziko anakwera matola,
anadutsa mapiri ali noninoni ndi mafuta,
mwina anayatsira mbaula,
mwina mwana wina akuwawerenga chamumtima
osadziwa kuti mtsikanayo ndani, chitsekocho n'chakuti.
Iye ali ndi yankho, ine ndili ndi funso,
pakati pathu pali msewu wokhotakhota.

Madzulo ano magetsi athimanso.
Ndatenga buku la malisiti, ndatembenuza kuseri.
Ndalemba kuti chitseko chatseguka,
ndafufuta.
Ndalemba kuti kuseri kuli kutentha ngati Okutobala wa kuno,
munthu wakhala pachikwama chachikulu cha mizeremizere,
akufunsa ngati basi ya ku Mangochi yadutsa kale.
Mtsikanayo sindinamupatsebe mawu.
Twaibu akugogoda, akuti foni yake yagweranso m'madzi.