Mabotolo a ku Ching'ambo

Mvula ya ku Mzuzu siodira.
Yandipeza pa kabaza, chikwama kumsana,
mabotolo khumi ndi awiri akugundana
ngati mano a wodwala malungo.
Wopalasa ndi Yotamu. Tinkakhala desiki imodzi ku pulayimale.
Iye anasiyira folomu thu, lero ali ndi nyumba ya malata ku Zolozolo.
Ine digiri ya uinjiniya wa zachilengedwe
ili m'sutikesi, pansi pa bulangete,
kuopa chinyezi.

Mwezi ukatha foni imalira kamodzi.
Akuti si malipiro, ndi kangachepe ka wophunzira ntchito.
Lendi ya ku Chibavi imameza theka,
kwinako makala.
Inde, makala! Ine amene ndinakhoza mayeso
polira mitengo ya ku Kaning'ina.

Bambo akaimba kuchokera ku Ekwendeni amafunsa,
"Injiniya wanga, wamanga mlatho uti?"
Ndiwauze bwanji kuti ntchito yanga
ili pakati pa chimbudzi ndi chitsime,
pa mapazi ochepa amene palibe anawayeza?

Ku Ching'ambo NyaChavula anditungira yekha.
"Taona kuyera kwake, mwanawe, ngati diso la khanda."
Ndatseka botolo, ndalemba nambala, sindinayankhe.
Mkuja m'labu timadontho tachikasu tidzamera pa kambale,
ndidzawerenga kamodzikamodzi
mpaka tipose makwacha a m'akaunti yanga.

M'nyuzipepala ntchito zilipo:
akufuna wa zaka zisanu pa ntchito.
Zaka zisanuzo amagulitsa pa Taifa?
Lwitiko anapita ku mgodi, akuti kumeneko envelopu ndi yonenepa
bola dzanja lisanjenjemere posaina.
Fumbani bungwe lake linatseka azungu atapakira,
pano akuweta nkhuku ku Luwinga,
ndipo sakudandaula.

Pobwerera pa chitunda cha ku Katoto ndatsika, tikukankha tonse.
Ngongole yanga kwa Yotamu yafika maulendo asanu ndi anayi.
Ndayamba kupepesa, wandidula.
Wapisa m'jekete, watulutsa botolo la sobo,
madzi ake oyera mbee.

"A pachitsime chakwathu awa.
Kamwana kakutsegula m'mimba sabata yachiwiri.
Ukawaone ndi makina ako aja.
Za ngongole tathana."

Ndalilandira ndi manja awiri.
Lakhumi ndi chitatu.
Chizindikiro ndalemba ndi inki yosasuluka ndi mvula,
ndaliika pamwamba pa onse.