Dontho la Ayodini

Aphunzitsi a Chimphamba anati tithyole tsamba la kholowa
lomwe lawothera dzuwa tsiku lonse.
Tinaliwiritsa m'chitini,
n'kuliviika mu sipiriti mpaka linayezuka ngati wodwala.
Kenaka dontho limodzi la ayodini.
Linada bii.
"Sitachi ameneyo," anatero, choko chili mbuu m'manja.
"Ndi mpweya, madzi ndi kuwala
tsamba latunga mkanda wa shuga,
wina likaubisa pansi, m'mbatata."

Pobwerera, njira ya fumbi ya ku Santhe,
ndinatafuna mbatata yootcha osafulumira kumeza
mpaka malovu anadula mkanda uja,
kutsekemera n'kutulukira pa lilime.

Chiswe chikudya nsichi ya khola lathu.
Akuti mtengo nawo ndi shuga yemweyo,
koma womangidwa mfundo zina
zomwe mimba yanga singamasule.

Bambo ali pakhonde.
Njinga ya kabaza yatsamira chipupa, tayala laphwa.
Zaka khumi miyendo yawo inkawotcha shuga
kupalasa matumba a eni mpaka ku Chinkhoma.
Lero shuga wangodzaza m'magazi,
akugogoda pa zitseko za minofu,
womutsegulira palibe.
Nyerere zimaunjikana pomwe atayira madzi.

Andifunsa zomwe taphunzira.
Ndiwauza kuti dzuwa limagona m'mbatata.
Aseka, ayang'ana chala chomwe anachibaya kuchipatala Lachiwiri.
"Ndiye mwa ine lakana kulowa, Ndaziona."

Ndiwathirira tiyi wopanda kanthu.
Supuni ayitakasabe,
mwa chizolowezi.