Mpanda wa ku Chirunga

Ndinakupeza pamzere wa kafeteriya, Twaibu,
mapewa ngati chitseko cha golosale,
wa chaka choyamba, wochokera ku Chingale,
chibadwire usanamenyepo mpira utavala nsapato.

Unati, "A kochi, ine ndimangodziwa
kukankha njinga ya makala pachitunda."
Ndinati basi, ubwere Lachiwiri.

Sabata yoyamba unagwa kasanu ndi kawiri,
anzako kuseka mpaka kutsokomola.
Tsitsa chiuno. Mapazi a mdani amanama,
yang'ana mchombo wake.

Nkhungu ikutsika m'phiri tinkathamanga mpaka ku Mulunguzi,
iwe kumbuyo, kupuma ngati mvukuto.

Lero wamwetsa chigoli ndi Namakhwa,
atsikana akuimba dzina lake.
Lako ayi.
Koma jezi ya goloboyi wathu ilibe fumbi,
ndipo ine ndaona.